Gulu la atsikana linatha mu 2002: kodi oimba angalandirebe ndalama?

Mayi, mwalemba kuti mng'ono wanu anasaina kontrakiti mu 1999 n'kumaimba m'gulu la atsikana ku Britain, kampani yojambula nyimbo inawasiya patatha zaka zitatu, ndipo chiyambire sanalandirepo kanthu ngakhale nyimbo zawo zimamvekabe pa wailesi. Zoterezi zinkachitikachitika nthawi imeneyo. Ngakhale gulu la B*Witched la ku Dublin, lomwe nyimbo zake zinayi zoyambirira zonse zinafika pa nambala wani ku Britain, kampani ya Sony inalisiya mu 2002 ndipo linatha.

Mng'ono wanuyo ayambe ndi bungwe la PPL, lomwe limatolera ndalama za nyimbo zojambulidwa ku Britain, chifukwa kumeneko sikufunika loya. Lamulo la Copyright, Designs and Patents Act la 1988 limati nyimbo yojambulidwa ikaikidwa pa wailesi, pa TV kapena pamalo osonkhana anthu, amene anaimba ali ndi gawo lawo pa ndalama zomwe zatoleredwa. PPL imagawa pakati, theka kwa mwini nyimbo yojambulidwayo, theka kwa oimba ndi oyimba zida. Gawo la oimbali kampani singalilande, kaya kontrakiti inanena zotani. Kulembetsa n'kwaulere. Akalembetsa afufuze nyimbo iliyonse m'kaundula wa PPL, aone ngati dzina lake lilipo. Apa ndi pomwe zimasokonekera kawirikawiri: kampani inangolemba dzina la gulu, kapena woimba anasintha dzina atakwatiwa. Atumize umboni, monga chikuto cha CD chosonyeza mayina. Asazengereze, poti PPL imabwerera m'mbuyo zaka 6 zokha.

Ku bungwe lina la PRS for Music kuli ndalama za olemba nyimbo. Ngati sanalembe nawo, kumeneko kulibe chake.

Nkhani yovuta ili mu kontrakiti. Ndalama zomwe kampani inawapatsa poyamba, pamodzi ndi zojambulira nyimbo ndi mavidiyo, zimawerengedwa ngati ngongole yobwezedwa kuchokera pa gawo la oimba. Gulu lomwe latha msanga nthawi zambiri silinamalize kubweza, n'chifukwa chake sililandira kanthu, ngakhale za pa Spotify, pomwe anthu amamvera nyimbo pa intaneti, poti zimenezo zimadzera ku kampani osati ku PPL. Koma mu 2021 Sony inalengeza kuti oimba amene anasaina chisanafike chaka cha 2000, ndipo sanatengenso ndalama zina zopatsidwiratu chiyambire, ayamba kulipidwa mosayang'ana ngongole yakaleyo. Makampani a Warner ndi Universal anatsatira ndi ndondomeko zofanana nazo. Kusaina mu 1999 kungamuthandize ngati kampani yake ili pansi pa imodzi mwa zitatuzi.

Choncho apeze kontrakitiyo, alembere ofesi yoona za malipiro a oimba ku kampani yomwe ili ndi nyimbozo panopa, apemphe malipoti a ndalama a zaka zonse. Awerengetsetse ndime yolola kufufuza mabuku a kampani, chifukwa zambiri zimapereka zaka ziwiri kapena zitatu zokha zotsutsira lipoti. Ku England, lamulo la Limitation Act la 1980 limapereka zaka 6 zosumira mlandu wa kontrakiti, kotero za 2003 aziiwale pokhapokha ngati kampani inabisa dala. Asanapite kukhoti ayenera kulemba kalata yochenjeza yotchula ndalama ndi tsiku loyankhira. Zikakhala zosapitirira £10,000, mlandu umapita ku mbali ya milandu ing'onoing'ono ya County Court, komwe ndingamulangize kudziimira yekha.