Kodi ndikonze chiyani pakhomo bambo asanatuluke ku ndende?

Mayi wina wa ku Santhe wandilembera imelo. Amuna ake atsala pang'ono kutuluka ku ndende ya Kasungu, ndipo wauzidwa kuti kudzabwera munthu wa boma kudzaona pakhomo asanawatulutse. Akufunsa kuti akonze chiyani.

Mayi, ndakhala masiku atatu osakuyankhani chifukwa funso lanu ladzutsa manyazi anga akale. Achimwene anga anamangidwa chifukwa cha mabelo awiri a fodya amene anasowa m'chigafa cha mnansi wathu ku Chamama, ndipo khoti linawalamula kukagwira ukaidi zaka zitatu. Lamulo la ndende la 1956, lomwe linkagwira ntchito pa nthawiyo, linkalola kuti mkaidi wakhalidwe labwino amuchotsere gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, choncho miyezi 36 inatsika kufika pa 24. Titamva kuti kukubwera mlendo wa ku ofesi, ine ndi alamu anga tinazira nyumba yonse, tinalambula pabwalo, tinafolera chimbudzi ndi udzu watsopano, tinabwereka mipando kwa aphunzitsi, ndiponso tinapha tambala yemwe tinkasungira Khirisimasi.

Mlendoyo sanalowe n'komwe m'nyumbamo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutifunsa ngati mwini fodya uja akudziwa kuti munthuyo akubwera, ngati a nyakwawa tawauza, komanso chimene achimwenewo adzachite kuti apeze chakudya, poti munda wawo unali utagonera zaka ziwiri. Tinangoyang'anana. Sabata yathunthu tinali titakonza makoma, koma kwa mnansi wathu, mtunda wosakwana mphindi zisanu, palibe ndi mmodzi yemwe anali atapondako chimangidwireni achimwene.

Abale athu okhala ku Johannesburg amaidziwa bwino nkhani ya parole, yomwe ndi kutulutsa mkaidi chilango chisanathe kuti akamalize ali kwawo pansi pa malamulo okhwima. Ku South Africa, lamulo la 1998 limati akaidi ambiri aganiziridwe akatha theka la chilango, ndipo akuluakulu amatsimikiza kaye adiresi ya nyumba, kenaka amabwera mosadziwitsa kudzaona ngati munthuyo alipo pa maola amene anamulamula. Kumeneko chachikulu ndi nambala ya nyumba. Kuno kwathu munthu amabwerera m'mudzi, ndipo mudziwo ukhoza kumulandira kapena kumukana. Khoti Lalikulu litagamula mu 2007, pa mlandu wa mkaidi wina dzina lake Kafantayeni, kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza, akaidi ambiri anamvedwanso kuyambira mu 2015, ndipo othandiza pa zamalamulo ankapita m'midzi kukafunsa mafumu ndi abale ngati angawalandire anthuwo. Ngati pa milandu yakupha ankafunsa zimenezo, musaganize kuti kwa inu adzawerenga mbale za pathandala.

Ndikunena mosapsatira kuti banja limene limasesa pabwalo koma osapita kwa wolakwiridwa likudzinamiza, ndipo likuika moyo wa munthu wawo pachiswe. Tonse tikudziwa zimene zimachitika mbuzi ikasowa m'mudzi momwe muli munthu wongotuluka kumene. Anthu safufuza, amangothamangira pakhomo pake ndi zibonga. Ena amati munthu akamaliza chilango ngongole yatha. Kuboma yathadi, koma mwini fodya sanalandire kanthu pa miyezi 24 ija, ndipo mtima wake unali pomwe unaliri tsiku la mlandu. Ife tinapita ndi amalume komanso a nyakwawa, titanyamula nkhuku ndi mawu opepesa. Tsiku loyamba anatibweza. Ulendo wachitatu ndi pamene anatiyalira mphasa, ndipo ngakhale pamenepo akazi awo anakhala chaka osatipatsa moni ku chitsime. Sindiwada, chifukwa fodya ameneyo anali fizi ya ana awo.

Zoti muchite

Pakhomo pakhale paukhondo monga mwa masiku onse, ndipo musabwereke katundu, chifukwa alendo oterewa amazindikira mpando wobwereka. Ngati mumatcheza kachasu kapena pali wina amene amasunga chamba, zimenezo zichoke ndithu, osati kungobisa. Ankhoswe ndi a nyakwawa adzakhalepo, ana muwauze nokha asanamve kwa anzawo, ndipo mudzayankhe zoona za amene amagona m'nyumbamo ndi kumene ndalama imachokera. Funsani mlendoyo dzina la ofesi yake ndi malamulo amene bambowo adzayenera kutsata, muwalembe papepala. Akadzatuluka, sabata yoyamba mupite nawo ku chipatala akayezetse chifuwa chachikulu, poti m'ndende matendawa amafala chifukwa cha kuthithikana, ndipo ngati amamwa ma ARV asatuluke opanda buku lawo la kuchipatala. Koma mawa lomwe, musanagwire tsache, tumani amalume awo apite kwa a nyakwawa.