Ndinadina batani la wailesi, ndipo ndinalipira

Achimwene, mwandikumbutsa chilonda ndi funso lanu lakuti ukaona vuto pa ndege ya eni ake ulankhule kapena ukhale chete. Lankhulani. Koma mumve kaye zimene zinandionekera ine.

Ndinali first officer, wachiwiri kwa kaputeni poyendetsa ndege, maola anga asanakwane n'komwe 1,000. Unali usiku, mvula itangokata, ife tili achiwiri pamzere wodikira kulowa pa runway, msewu wonyamukirapo ndege. Kutsogolo kwathu kunali ndege ya mapulopela awiri ya kampani ina. Magetsi athu ankawala pansi pa phiko lake lakumanzere, ndipo ndinaona kuti pakuchucha kanthu. Madzi a mvula amadontha n'kumachepa, koma izi zinkatsika osaduka ngati mpopi wosatseka bwino, pansi n'kumasiya mzere wonyezimira. Ndinati, "Bwana, taonani uko, akutaya mafuta." Akaputeni anga sanasuzumire n'komwe. "Ndi madzi amenewo. Yang'ana checklist yako, mndandanda wa zoyenera kuona tisananyamuke, za eni zisiye, ali ndi kaputeni wawo."

Pomwepo tower, nsanja ya olondolera ndege pabwalo, inawauza anzathuwo kuti alowe pa runway adikire. Abale inu, masekondi amenewo! Chala chili pabatani, m'manja thukuta lokhalokha, kukhosi kutauma gwa. Mumtima ndikuti akakhala madzi ndachedwetsa anthu pachabe, bwalo lonse landimva, ndipo munthu wosaina lipoti langa ndi yemweyu wakhala pambali panga. Nanga akakhala mafuta, akuchuchira pafupi ndi injini yotentha chonchija? Ndege ija itayamba kukhota ndinaona mazenera ake, mitu ya anthu ili ndondondo, wina atatsamira pagalasi ngati wagona kale. Ndinadina. Mawu anatuluka onjenjemera ngati a mwana. Ndinauza tower kuti ndege yomwe ikulowa pa runway ikuoneka kuti ikutaya mafuta kuphiko lakumanzere. Pawailesi panangoti zii. Kenako mawu okalipa ochokera mu ndege ija: "Ndani ameneyo? Ma gauge athu ali bwinobwino." Mwamwayi wa ku tower sanatengeke, anawaimitsa n'kutumiza galimoto kukaona. Anali mafuta. Valavu ya pansi pa phiko, ija amakhetserapo mafuta poona ngati muli madzi, sinakhale bwino m'malo mwake. Anabwerera.

Mukuganiza kuti wina anati zikomo? Akaputeni anga ulendo wonse sanandilankhule china kupatula za checklist. Titatera anakalemba kuti ndine wosamva, ndinalankhula pawailesi atandiletsa, ndipo ndachititsa manyazi kampani pamaso pa anzathu. Anandiitanira ku ofesi. Bwana wamkulu wa oyendetsa ndege, munthu yemwe pa maphunziro a CRM, ophunzitsa ogwira ntchito mu ndege kugwirizana ndi kumverana, amaima kutsogolo n'kumati aliyense ali ndi ufulu wolankhula, anandifunsa ngati ndikudziona kuti ndakula. Za mafuta aja sanafunse ngakhale kamodzi. Anzanga olowa nawo limodzi anakwezedwa, ine ndinatsala chaka chathunthu ndikuuzidwa kuti tikuonabe khalidwe lako. Mpaka lero mdala ujayu, kaputeni wanga uja, ndikamuona m'khonde mtima umawira. Chinamupweteka si china ayi, koma kuti kamwana kanaona chimene iye anakana kuyang'ana.

Ndipo ulemu wopusa umenewu unaphapo anthu. Pa 10 Malichi 1989 ku Dryden, Canada, ndege ya Fokker F28 ya kampani ya Air Ontario inanyamuka chipale chofewa chitaunjikana pamapiko. Pakati pa okwera panali oyendetsa ndege ena omwe anachiona ndi maso awo, koma anati akutsogolo akudziwa chimene akuchita. Anthu 24 anafa. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake ku Kegworth, England, Boeing 737 ya British Midland inavuta injini yakumanzere, oyendetsa n'kuzimitsa yakumanja. Akumbuyo ankaona moto kumanzere, koma uthengawo sunafike kutsogolo. Anafa 47. Uli pampando wako suona pansi pa phiko lako, suona chitseko cha katundu, suona ngati pini ya magudumu yaiwalika ndi kansalu kake kofiira. Amene ali kumbuyo kwako ndiye maso ako. Wakutsina khutu ndi mnansi, paja amatero.

Tsono inu achimwene, musachite zonse ndendende ngati ine. Musalankhule ndi ndege inayo mwachindunji, uzani ground, omwe amalondolera ndege zikamayenda pansi, kapena tower monga ndinachitira ine, iwo ndiwo ali ndi mphamvu yoimitsa munthu. Nenani chokhacho mwaona, mbali yake ndi malo ake, osati maganizo anu pa kayendetsedwe ka eni ake. Ndipo ngati muli wamng'ono pantchito, pimani kaye. Zazing'ono, monga kagetsi kamodzi kothima kapena munthu wothamangitsa ndege pa taxiway, msewu wopita ku runway, musawotche nazo dzina lanu pawailesi, kalembeni lipoti lachinsinsi mukatera. Ku America kuli njira yolandirira malipoti otere yotchedwa ASRS, ya bungwe la boma la NASA, kuyambira 1976, ku UK kuli CHIRP, ndipo makampani ambiri ali ndi njira yawoyawo, ngakhale yakwathu ija sindinkaikhulupirira, lipoti "lachinsinsi" linkafika pa desiki ya munthu yemweyo ukumudandaula. Kaputeni wanu akakana, muuzeni kachiwiri momveka kuti CVR, makina ojambula mawu a m'chipinda cha oyendetsa ndege, ijambule mawu anu, ndipo mukatera lembani tsiku, nthawi ndi frequency ya wailesi m'kabuku kanu. Ine sindinalembe kalikonse, ku ofesi kuja ndinangopita ndi pakamwa pokha.