Fizi ya mayunivesite a boma ku America ikukweriranji?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo akufuna kukaphunzira ku America, ndiye mayiwo akufunsa kuti: zitheka bwanji yunivesite ya boma, m'dziko lolemera chonchija, kumakweza fizi chaka ndi chaka? Si dyera la akuluakulu a sukuluzo?

Amayi, dyeralo silingasowe, koma gwero lenileni lili ku nyumba za malamulo za m'zigawo. Ndalama zoyendetsera mayunivesitewa zimachokera makamaka ku boma la chigawo, monga California kapena Arizona, ndi ku fizi. Pafupifupi m'zigawo zonse, malamulo salola bajeti yoposa ndalama zimene zilowe. Chuma chikagwa, ngati mu 2008, msonkho umachepa ndipo aphungu amasakasaka podula. Ndende sangatseke. Medicaid, thandizo la kuchipatala la anthu osauka, imafuna ndalama zambiri panthawi yomweyo. Sukulu za ana akazikhudza, makolo awadikirira pa chisankho. Yunivesite ili ndi kolowera, chifukwa ili ndi ophunzira oti iwalipiritse, choncho mpeni umagwera pamenepo.

Ku Arizona, m'zaka khumi kuchokera mu 2008, ndalama za boma pa wophunzira aliyense zinatsika kupitirira theka, fizi n'kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mu November 2009, University of California inakweza fizi ndi 32 peresenti. Ophunzira ku nthambi yake ya ku Berkeley anakadzitsekera m'nyumba yophunziriramo ya Wheeler Hall pokwiya. Ku Illinois ndiye kunali mpungwepungwe: bwanamkubwa Bruce Rauner ndi aphungu anakanganirana bajeti kuyambira 2015 mpaka 2017, ndipo Chicago State University inachotsa ntchito anthu mazanamazana.

Chimene chimandinyansa ine n'chakuti chuma chikadzuka, fizi sibwerera pomwe inali. Ikangosiya kukwera, monga achitira ku yunivesite ya Purdue kuyambira 2013, anthu amaomba m'manja.

Tsono za mwana wanuyo. Wochokera kunja amalipira fizi ya mlendo, imene kawirikawiri imaposa ya mwana wa m'chigawomo kawiri kapena katatu, ndipo mayunivesite amawafuna alendowo kuti atseke dzenje la bajeti. Pell Grant, thandizo la boma la ophunzira osauka, ndi ngongole za boma iye sapeza. Musawerengere chiwerengero choyamba chimene mwaona pa intaneti. Fufuzani cha alendo. Mufunsenso ngati fiziyo imakhazikika mpaka mwana atamaliza. University of California inayamba zimenezi mu 2022, koma malo ambiri sachita.