Musakongole ndalama chifukwa cha mpheta

Funso: Zikomo aphungu. Ndine bambo wa zaka 41, ndili pa ntchito yolembedwa. Kwa zaka 3 ndakhala ndikujambula zithunzi pongodzisangalatsa: mbalame zobwera m'mitengo ya pakhomo, galimoto zakale ndikazipeza ku zionetsero, komanso zimene ndimaona ndikamayenda monga mitambo, milatho ndi misewu mvula itangosiya. Ndili ndi kamera ya Nikon D5300 yogula kwa munthu, lenzi ya 18-55mm ndi ya 70-300mm. Anzanga pa Facebook amati ndili ndi luso, ndiyambe bizinesi. Vuto ndi loti mbalame zimatuluka zazing'ono kwambiri. Ndikufuna lenzi ya 150-600mm, ndipo mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi 4. Pali wokongoza ndalama amene wavomera kundipatsa pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa mwezi, kubweza chaka chimodzi. Ndikuganiza zogulitsa zithunzi za mbalame pa Shutterstock, malo a pa intaneti ogulitsirapo zithunzi, ndi kupanga makalendala. Abale ndimawajambula ulere pa maukwati ndi maphwando, chaka chatha chokha ndinajambula 8. Mkulu wina wa Volkswagen Beetle anandipatsapo kangachepe kawiri, koma sindikumbukira kuti zinali zingati. Kodi nditenge ya Sigma kapena ya Tamron?

Yankho: Achimwene, za Sigma ndi Tamron tisatayepo nthawi. Onse ndi malenzi abwino, onse amalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo chaka chino musagule iliyonse mwa awiriwo.

Mzere umene wandiimitsa m'kalata yanu ndi umene mwauponya kumapeto ngati wopanda ntchito. Pa zaka 3 zonsezi, munthu mmodzi yekha ndiye anapisa dzanja m'thumba chifukwa cha chithunzi chanu. Munthuyo ndi mwini galimoto. Anabweranso kachiwiri osakakamizidwa. Inu mwaiwala kuti anakupatsani zingati, ndipo tsopano mukufuna kulowa m'ngongole pogula chida chimene pa galimoto yake chilibe ntchito ngakhale pang'ono. Funso loyenera kundifunsa linali lakuti: "Kodi anthu ena ngati mkulu wa Beetle uja ndingawapeze kuti?"

Tiyambe ndi wokongoza wanuyo, poti ndiye ali pafupi kukuvulazani. Mukuti 10 peresenti pa mwezi, ndipo m'khutu zikumveka zochepa. Koma 10 peresenti ya malipiro a miyezi 4 ndi magawo awiri mwa magawo asanu a malipiro anu a mwezi umodzi, chiwongoladzanja chokha. Muwonjezerepo ngongole yeniyeniyo yogawa pa miyezi 12, limene ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anu. Ngati akuwerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, monga amachitira ambiri a katapila, ndiye kuti pa magawo anayi a malipiro anu, atatu azipita kwa iyeyo mwezi ndi mwezi. Chaka chikamatha mudzakhala mutapereka malipiro a miyezi pafupifupi 9 pa lenzi ya miyezi 4. Ngakhale atakhala wachilungamo n'kumawerengera pa ndalama yotsala yokha, zikukwanabe miyezi 7. Mukadzayamba kulumpha miyezi n'kumaunjika chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, ngongole ya 10 peresenti pa mwezi imakula katatu pa chaka chimodzi. Lendi, fizi ya ana ndi zina zonse za pakhomo muzilipira ndi gawo limodzi lotsalalo?

Simunandiuze za chikole, koma ndikudziwa chimene adzafune: kamera ndi lenzi yomweyo. Lenzi ikangotuluka m'bokosi mtengo wake watsika kale, ndiye mukadzalephera adzatenga zonse n'kunenabe kuti muli ndi ngongole yotsala. Komanso lenzi ya makilogalamu 2 siyenda yokha. Pa 600mm dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chawonongeka, ndiye mufunika tripod yolimba (choimikapo kamera cha miyendo itatu), chikwama chachikulu, mwinanso kompyuta yamphamvupo. Zimenezi m'kalata yanu mulibe.

Tsono ndalama yobwezera mukuti ichokera ku Shutterstock. Kuyambira mu June 2020 kampaniyi imalipira wojambula pakati pa 15 ndi 40 peresenti ya zimene wogula wapereka. Woyamba kumene amalandira 15. Kuti mufike pa 40 pafunika kuti zithunzi zanu zigulidwe nthawi zoposa 25,000 m'chaka chimodzi, ndipo pa 1 January aliyense amabwezedwa pansi kukayambiranso pa 15. Adobe Stock, malo ena otere, amapereka 33 peresenti. Ogula ambiri amalipira pa mwezi n'kumatenga zithunzi zambirimbiri, kotero 15 peresenti yanu ikuchokera pa kandalama kochepa kale. M'nkhokwe zawo muli zithunzi mamiliyoni mazanamazana, njiwa ndi mpheta zojambulidwa kale mbali zonse ndi anthu a malenzi odula kuposa galimoto, ndipo masiku ano mwalowanso zithunzi zopangidwa ndi AI. Sindikuletsani kuikako zanu. Ikani, kulembetsa ndi kwaulere. Koma wokongoza akufuna ndalama yake pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, pamene uko mutha kukhala miyezi ingapo osagulitsa ndi chimodzi chomwe.

Makalendala ndiye ndingonena mwachidule. Wosindikiza mumamulipira musanagulitse ndi imodzi, nthawi yogulitsa ndi miyezi itatu ya kumapeto kwa chaka, ndipo yotsala ikafika February palibe angaigule. Kalendala imapangidwa pamene wina walipiriratu, mwachitsanzo gulu la eni galimoto zakale likufuna makope 100 a mamembala ake.

Chimene anzanu a pa Facebook sanakuuzeni n'chakuti chithunzi chimagulidwa ndi munthu amene chikumukhudza iye mwini. Chithunzi cha pumbwa ali pa nthambi aliyense achikonda, koma pumbwayo alibe mwini. Beetle ili ndi mwini, ndipo ndi munthu amene wathera zaka akusaka zipangizo za galimoto imene inasiya kupangidwa mu 2003, pamene yomaliza inatuluka m'fakitale ya ku Puebla ku Mexico. Anthu otere alipo ambiri: wa Peugeot 504, wa Mercedes W123, wa Morris Minor, wa Land Rover yakale ija ya magetsi apakati. Ameneyu amafuna chithunzi chachikulu cha pakhoma. Amafuna zithunzi za ntchito yokonzanso galimoto kuyambira ili ya dzimbiri mpaka itapentedwa, chifukwa umboni wotere umakweza mtengo wa galimoto. Amazifuna akamakambirana ndi a inshuwalansi za mtengo wake. Akamagulitsa ndiye amazifuna zambiri: pa Bring a Trailer, malo a pa intaneti a ku America ogulitsira galimoto zotere mopikisana mitengo, si zachilendo kuona galimoto imodzi ili ndi zithunzi zoposa 100, za injini, za pansi, za mipando, za nambala ya chassis. Mafoni alipo, inde, koma penti yonyezimira ndi magalasi zimavuta foni, ndipo apa ndi pamene luso lanu lingalipidwe.

Zida za ntchito imeneyi muli nazo kale. D5300 imatulutsa chithunzi cha madontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, chokwanira kusindikiza pa pepala la A3 popanda vuto. Lenzi ya 18-55mm ikwana pa galimoto yonse ndi mkati mwake, ndipo ya 70-300mm mukaima chapatali imafewetsa za kumbuyo galimoto n'kuoneka yokha. Ngati mukufunitsitsa kugula kanthu, gulani fyuluta ya polariser yochepetsa kunyezimira pa magalasi ndi pa penti. Imeneyo simufunika kukongolera.

Tsono ndibwere pa chimene chimandipweteka mtima m'makalata onse a mtundu uwu. "Sindikumbukira kuti zinali zingati." Bambo, bizinesi imayamba tsiku limene mwagula kope n'kulemba mzere woyamba. Kamera ingakhale yabwino bwanji, popanda kope simudziwa ngati mukupindula kapena mukudya mpamba. Lembani tsiku, dzina la munthu, chimene mwajambula, maola onse amene atha kuphatikiza a usiku mukukonza zithunzi pa kompyuta, ndalama ya ulendo, yosindikizira, imene walipira ndi imene yatsala. Ntchito yaulere nayonso ilembedwe, ndi mtengo umene ikanakhala nawo, kenako mulembe 0 pa malo a malipiro. Ma 0 amenewo akadzandandalikana tsamba lonse mudzamvetsa nokha kumene ndalama ya lenzi yanu inapita.

Palinso kope lina limene kamera ikulemba yokha inu osadziwa. Shutter ya D5300, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka mukajambula, anaiyesa kufika nthawi 100,000, ndipo kamera za Nikon zimasunga chiwerengero chake m'chithunzi chilichonse, mu zimene amati EXIF. Tengani chithunzi chatsopano chosakonzedwa, muchitsegule ndi pulogalamu yowerenga EXIF, muone pamene mwafika. Munagula kwa munthu, ndiye mwina theka linatha musanaigwire n'komwe. Tiwerengere mwachisawawa: ukwati umodzi zithunzi 1,500, maukwati ndi maphwando 8 ndi 12,000. Mbalame, kamera ikuwombera zithunzi 5 pa sekondi, 500 pa mlungu sizivuta kukwana, pa chaka 26,000. Zonse pamodzi zikuyandikira 40,000 pa chaka. Ma shutter ena amapitirira patali pa 100,000, ena amafa asanafike, koma mulimonsemo kamera yanu ikutha, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa atatu likuthera kwa anthu amene tsiku ikadzafa adzangoti pepani. Pa ntchito iliyonse yolipidwa muzipatula kagawo ka kamera yotsatira, musanadye kalikonse.

Za abale ndilankhule mosamala, chifukwa ndikudziwa kuti m'bale sakanidwa ngati mlendo. Koma ukwati umene mwajambula ulere unali ndi bajeti. Holo inalipidwa, woimba analipidwa, galimoto zinathiridwa mafuta. Mzere wa zithunzi anaufafaniza chifukwa amadziwa kuti inu mulipo. Ndipo maukwati amagwa kumapeto kwa mlungu, masiku omwewo amene eni galimoto zakale amazitulutsa m'galaja. Chaka chatha munataya masiku 8 otere. Sankhani maukwati awiri pa chaka, a anthu oyandikana nanu kwenikweni, mujambule ndi mtima wonse ndipo imeneyo ndiyo mphatso yanu, musawonjezerepo ina. Otsalawo muwauze kudakali nthawi, chaka chisanayambe, kuti tsopano mumalipiritsa ndipo kwa abale ndi theka la mtengo. Ena adzakwiya mwezi umodzi. Ena mudzadabwa kuti adzalipira mosadandaula, chifukwa sanafunsidwepo n'kale lonse.

Mlungu uno pitani kwa mkulu wa Beetle uja. Mufunseni moona mtima kuti anakupatsani zingati, chifukwa iye akukumbukira, ndipo mtengo wanu woyamba uyambira pamenepo. Musindikize chithunzi chimodzi chabwino cha galimoto yake, muchiike mu felemu, mumupemphe akuonetseni kwa anzake atatu. Eni galimoto zakale amadziwana onse chifukwa amasinthana zipangizo ndi amakaniko. Makaniko wokonza galimoto zotere nayenso ndi kasitomala, komanso ndi khomo lolowera kwa ena khumi. Pogwirizana, theka la ndalama liperekedwe musanayambe. Zoonetsa mutumize zazing'ono zokhala ndi dzina lanu pakati, zazikulu zipite ndalama itakwana. Mulembe pa pepala, ngakhale mizere itatu, kuti zithunzi ndi zingati ndipo azigwiritsa ntchito yanji, chifukwa chithunzi cha pakhoma ndi cha kutsatsa malonda a galaja mtengo wake si umodzi. Musanaike galimoto ya munthu pa intaneti mupemphe kaye, ndipo nambala yake muibise. Dziwaninso kuti chithunzi choonetsa chizindikiro cha kampani ya galimoto, malo ngati Shutterstock amachilandira cha nkhani basi, osati cha malonda.

Mbalame musazisiye. Ndi zimene zinakuphunzitsani kuona kuwala ndi kudikira, ndipo munthu ayenera kukhala ndi kanthu kamodzi kamene sakufuna kuti kamubweretsere ndalama. Vuto lakuti zimatuluka zazing'ono lili ndi yankho losalira ngongole. Pa kamera yanu 300mm imaona ngati 450mm ya kamera za sensa yaikulu, ndipo zimenezo n'zokwanira ngati mbalame ili pafupi. Ikani mbale ya madzi mamita 3 kapena 4 kuchokera pa zenera, zikani kanthambi kouma pambali pake, kumbuyo kukhale masamba akutali, dzuwa la m'mawa likhale kumsana kwanu. Mbalame zambiri zimayamba zatera pa nthambi zisanatsikire ku madzi, ndipo pamenepo ndi pojambulira. Shutter ikhale pa 1/1000 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo. Khalani mkati, katani itatsekedwa pang'ono, masiku angapo mpaka zizolowere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpheta ya pa mamita 3 ndi 300mm imadzaza chithunzi kuposa ya pa mamita 10 ndi 600mm.

Lenzi yaikuluyo mudzagula ndi ndalama ya zithunzi za galimoto, kope likadzaonetsa kuti yakwana mutachotsa kale gawo la kamera yotsatira. Musanagule mubwereke kapena muchite hayala kwa masiku awiri, muinyamule tsiku lonse, muone ngati mukuifunabe. Mukaifunabe, funani yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa anthu ena amene anagula pa ngongole ngati mmene mumafunira inu amaigulitsa isanathe chaka. Muiyese pa kamera yanu yomwe, pa 150mm ndi pa 600mm, mumvetsere ngati mota ya focus ikulira zachilendo. Kenako muunike mkati ndi tochi. Mukaona timizere toyera ngati ulusi wa kangaude pa galasi, imeneyo ndi nkhungu, ndipo muibweze ngakhale atatsitsa mtengo chotani.