Mwana wanga amadwala shuga, kodi ndimulole akaphunzire ku Tete?

Mayi ena a ku Ulónguè, m'boma la Angónia, andilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wapeza malo pa yunivesite mu mzinda wa Tete, koma amadwala shuga ndipo amadzibaya insulini tsiku lililonse. Bambo ake akukana kuti apite, ati angakadwalire kutali popanda womuona. Mayiwa akufunsa kuti atani.

Mayi, muloleni mwana apite. Mantha a bambowo ndi omveka, koma mwana amene wakhoza mayeso akudzibaya jakisoni yekha waonetsa kale kuti amadziwa kudzisamala. Chimene akusowa ndi anthu a pafupi odziwa za matenda ake.

Tiyambe ndi kutentha, poti ndiko kumadzidzimutsa ana a ku Angónia. Kwanuko ndi kumapiri, kozizira. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Insulini yosatsegula imafuna furiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo isaume ngati ayezi chifukwa ikatero yawonongeka. Pofuna chipinda cha lendi, kaya ku Matundo kapena ku Chingodzi, funso loyamba kwa mwini nyumba likhale la furiji. Magetsi akazima, kabotoloko akakulunge m'pulasitiki n'kukaika mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi. Asakasiye m'chikwama pawindo la chapa (minibasi). Kukatenthanso, insulini imalowa m'magazi msanga, choncho shuga amatha kutsika pa nthawi imene sanazolowere. Aziyeza pafupipafupi masabata oyambirira, azimwanso madzi ambiri.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritse. Achinyamata ambiri amabisa matenda poopa kusalidwa, ndipo ndimawamvetsa. Koma shuga akatsika kwambiri, munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amalankhula zosokonekera. Amene sakudziwa amaganiza kuti waledzera, ena amayamba kumupempherera, pamene chofunika ndi masipuni ang'ono atatu a shuga m'madzi. Wogona naye chipinda chimodzi ndi mnzake mmodzi wa m'kalasi adziwe zimenezi. Adziwenso kuti akakomoka asamuthire kanthu m'kamwa: amugoneke chammbali, athamange naye kuchipatala. Safunika kulengeza kwa kalasi yonse ayi. Awiri okhulupirika akwana, ndipo awasankhe yekha.

Kwa ife a ku Tete nzeru imeneyi si yachilendo. Magulu a GAAC, othandizana pa kumwa mankhwala a HIV, anayambira m'chigawo chathu chino mu 2008, pamene bungwe la madokotala la MSF ndi azaumoyo analola anthu omwa ma ARV kukhala m'timagulu ta anthu osapyola 6, mmodzi n'kumakatengera anzake mankhwala. Matendawo ndi osiyana, koma chimene chinathandiza anthu kusadumphitsa mankhwala ndi kukhala ndi anzawo odziwa.

Za mapepala ndi zachidule. Asananyamuke, mupemphe kalata yosamutsira wodwala (guia de transferência) kuchipatala kumene amaonedwa, kuti akayambe kuonedwa ku Tete asanadwale. Atengenso kalata ya dokotala (atestado médico) n'kukaipereka ku ofesi ya fakulidade kumayambiriro kwa chaka. Aphunzitsi amamva msanga pempho lolowa m'mayeso ndi maswiti ndi makina oyezera shuga likabwera kale, kusiyana ndi kudandaula mayeso atadutsa.

Kenako chakudya. Wophunzira ndalama ikachepa amayamba ndi kudumpha nkhomaliro, ndipo kwa wobaya insulini zimenezi n'zoopsa. Ngati mumatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, ya chakudya muzitumiza payokha sabata ndi sabata, isasakanikirane ndi ya lendi ndi ya fotokope. Nyemba ndi ufa wa mgaiwa za kumunda kwanu muzimupatsira pa chapa.

Bambowo muwatenge pa ulendo wokamusiya. Akaone okha furijiyo, apatsane moni ndi wogona naye, ayende wapansi kuchoka pa chipindacho kukafika pa chipatala chapafupi kuti adziwe kutalika kwake.