Boti lanu ndi laling'ono inde, koma tochi yokha siikukwanira

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Salima. Agula boti la faiba lotalika mamita 6, la injini ya mahosipawa 40, loti azikapitidwa nalo mphepo ndi banja lawo ku Senga Bay, ndipo nthawi zina amabwerako kutada. Kumphuno kwa botilo amangirirako getsi lowala kwambiri la LED. Mnzawo wawauza kuti boti losafika mamita 7 silifuna nyali zapadera, tochi basi. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Bambo, mnzanuyo nkhaniyi anaimva, koma anaimva theka.

Malamulo a nyali za pamadzi amachokera m'pangano lotchedwa COLREGs, lomwe maiko anagwirizana ku London mu 1972 pansi pa bungwe loona za maulendo a panyanja lomwe lero limatchedwa IMO, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 15 July 1977. Panganoli linalembedwera nyanja zikuluzikulu za mchere. Za nyanja ndi mitsinje ya m'kati mwa dziko limasiyira boma la dzikolo, koma limanena kuti malamulo akewo azitsatira panganoli mmene angathere. Kwathu kuno lamulo lake ndi Inland Waters Shipping Act, ndipo oyang'anira ndi a dipatimenti ya Marine, omwe amalembetsa ndi kuyendera maboti. Mukapita kukalembetsa lanulo mukawasonyeze nyali zanu aziyang'ane. Zimene ndikufotokoza panozi ndi za m'panganolo, chinenero chimene woyendetsa sitima aliyense wophunzitsidwa amawerenga usiku.

Za mamita 7 zija zilimodi, mu Lamulo 23. Koma zili ndi miyendo iwiri. Boti la injini likhale losafika mamita 7, komanso liwiro lake lonse lisapitirire ma knot 7, omwe ndi pafupifupi makilomita 13 pa ola. Boti lotero likhoza kuyatsa nyali imodzi yoyera yooneka mbali zonse, ndipo ngati n'kotheka liwonjezere za m'mbali. Taonani, ngakhale pamenepa si tochi ayi, ndi nyali yoyaka nthawi yonse. Ndipo lamulo silifunsa liwiro limene mukuyenda usikuwo, limafunsa liwiro limene botilo lingathe. Mahosipawa 40 pa boti lopepuka la mamita 6 amadutsa ma knot 7 kutalitali. Choncho inu muli m'gulu la maboti a injini osafika mamita 12.

Tochi ndi ya munthu wopalasa ndi nkhafi, kapena wa boti la thanga losafika mamita 7 lomwe palibe poika nyali. Lamulo 25 limati ameneyo akhale ndi tochi kapena nyali yoyera pafupi, aionetse nthawi ikadalipo kuti asagundidwe.

Inuyo mukufunika nyali zitatu. Yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, mukayang'ana kutsogolo. Iliyonse iziwala madigiri 112.5, kuyambira kumphuno mpaka kupitirira pang'ono pambali, ndipo izioneka pa mtunda wa mailo imodzi ya panyanja, yomwe ndi mamita 1,852. Ziwirizi mukhoza kugula zophatikizidwa m'nyali imodzi yoika pamphuno. Yachitatu ndi yoyera yooneka mbali zonse, pa mtunda wa mailosi 2, ndipo ikhale pamwamba kuposa za m'mbalizo ndi mita imodzi kapena kupitirira. Muziyatsa dzuwa likangolowa mpaka litatuluka, komanso masana kukachita chifunga kapena mvula yotseka maso.

Tsopano za getsi lanu la LED lija, ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. Ambirife tikaganiza za nyali timaganiza za galimoto, zoti tione kumene tikupita. Pamadzi nyalizi ntchito yake n'kuuza mnzako kumene iwe walunjika. Akaona yofiira popanda yobiriwira, wadziwa kuti akukuona mbali ya kumanzere. Akaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi, wadziwa kuti mukubwera maso ndi maso, ndipo nonse mukhotere kumanja. Akaona yoyera yokha, ali kumbuyo kwako. Maboti awiri a injini akamadutsana, amene mnzake ali kumanja kwake ndiye amapatuka, ndipo chimene amaona ndi yofiira ija. Getsi lamphamvu pamphuno limameza mitundu yonseyi. Lamulo 20 limaletsa kuyatsa nyali zina zosokoneza kapena zolepheretsa kuona bwino. Limakuchititsaninso khungu inu nomwe: kuwala kumagunda pa faiba yoyerayo n'kubwerera m'maso, ndipo kuseri kwa mamita ochepa owalawo kumakhala bii.

Ndinaziona ndekha ku Cape Maclear usiku wina wopanda mwezi. Tinkachokera ku chilumba cha Thumbi titachedwa, ndipo asodzi a usipa anali atayala kale nyali zawo, nyanja yonse ngwee ngati tauni. Pakati pa nyalizo panali ina yoyera imene ine ndinaiyesa ya siginala woitana usipa, yoima malo amodzi. Sinasunthe kumanja kapena kumanzere, inkangokula. Nditamva injini ndi pamene ndinazindikira kuti ikubwera pa ife. Ndinapotoza chiwongolero, boti lija linadutsa pafupi moti mafunde ake anatinyowetsa m'miyendo, ndipo mwana amene anali pafupi nane anandigwira malaya osasiya mpaka kumtunda. Likanakhala ndi yofiira ndi yobiriwira ndikanalidziwa likadali kutali. Pa nyanja yathu ino, yodzaza nyali zoyera za asodzi, za m'mbalizo si zongokwaniritsa lamulo ayi. Ndingalangize ngakhale wa kaboti kapang'onopang'ono kaja kuti aziike.

Getsi lanulo musalitaye. Lichotseni pamphuno, likhale la m'manja, muziliyatsa mwachidule pofika padoko kapena pofuna kuona miyala ndi maukonde, ndipo osaliloza kumaso kwa woyendetsa mnzanu.

Mukaponya nangula usiku, zimitsani za m'mbali, isiyeni yoyera ija yokha. Lamulo 30 limamasula boti losafika mamita 7 ngati laima kutali ndi njira ya maboti ena, koma ine ndimaisiya ikuyaka, chifukwa nyali ya LED siidya batire kwenikweni.

Mukamaliza kuika, dikirani kude, botilo likadali pamchenga. Yatsani zonse, pitani pataliko, mulizungulire pang'onopang'ono. Mwana akhale pampando, denga la nsalu mulitambasule monga mumachitira pa ulendo. Nthawi zambiri mupeza kuti mutu wa munthu kapena dengalo likutchinga yoyera ija mbali imodzi, ndipo mtengo wake uyenera kukwezedwa. Polumikiza mawaya pakani girisi kuti dzimbiri lisalowe, ndipo m'kabokosi kosalowa madzi muziikamo fiyuzi yapadera ndi tochi ya mabatire atsopano.