Wafunsa za geni ya pamalire ndi blockchain yakoyo

Mng'ono wanga, ukuti geni yodutsa malire ingatheke ndi foni yokha, ndalama pa blockchain, chiphaso nachonso mufoni momwemo? Ana inu! Ine ndinayamba ndi mabelo awiri a zitenje, kugona pa Intercity kudikira basi ya m'bandakucha. Lero ndili ndi masitolo awiri ku Kamwala muno mu Lusaka, ndiye tchera khutu.

Usandione ukalamba, USDT, ndalama ya pa blockchain yotsata mtengo wa dola ya ku America, ndimaidziwa. Wondigulitsa nsalu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, ndimamulipira momwemo, ndalama imafika tiyi asanazizire. Blockchain ndi kaundula amene makompyuta ambirimbiri amasunga limodzi, moti palibe kalaliki angadzuke usiku n'kufufuta mzere wako. Koma ukatumiza ku adiresi ya munthu wina kapena pa netiweki yolakwika, zapita, ulibe wokamudandaulira. Bank of Zambia inanena kale mu 2018 kuti si ndalama zovomerezeka muno. Waleti, chikwama cha mufoni chosungiramo ndalamazi, imabwera ndi mawu achinsinsi 12 amene ndi kiyi wake; usawajambule ndi foni. Lemba papepala, ubise kumene ngakhale bambo a kunyumba sapisako dzanja.

Za chiphasozo ndiye wandikhudza pachilonda. Chaka china ndinatenga ndalama ya katapila n'kugula matumba 40 a usipa, oda anali okonzeka kumsika wa Soweto konkuno. Pachipata china bwana wina anatenga pasipoti ndi NRC yanga, n'kupeza kuti dzina la bambo anga pena lili ndi h, pena mulibe. Kachilembo kamodzi! Anaziponya m'dilowa, n'kukhoma. “Mayi, mubwere mawa.” Chimene ankafuna ndinachidziwa, koma mwano wanga, ndinati sindipereka ngakhale ngwee. Masiku anayi, mvula ya Januwale, lona lobooka. Ndinkagona pamwamba pa matumba, ndikumva usipa ukutentha kunsi kwanga. Iye ankadutsa ndi ambulera yake, kundipatsa moni ngati m'bale. Tsiku lachisanu anandibwezera mapepala osanena kanthu, h uja ali momwemo. Usipa unali nkhungu yokhayokha, ndinagulitsa kwa oweta nkhumba pamtengo wamisozi. Wakatapila anadzanyamula filiji ndi makina anga osokera ana akuona. Mpaka lero fungo la usipa wonyowa limandiutsa mtima.

Ndiye zimene ukunenazo, zoti boma lisaine chiphaso n'kukhala mufoni yako, iwe n'kumaonetsa chokhacho chafunsidwa, wofunsayo angotsimikiza ndi QR osagwira kanthu, ndikanazilipirira tsiku lija. Sakanakhala ndi chotsekera m'dilowa. Koma anthuwa ndimawadziwa, adzangoti netiweki yagwa, mubwere mawa. Ndipo foni ikathera batire pamzere, ndiwe yani? Kumene ndimadutsa ine amafunabe pepala ndi chidindo.

Phunzira kaye STR, ndondomeko yopeputsira ageni ang'onoang'ono pamalire. Ndi ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kuno kwathu, likulu lawo lili konkuno pa Ben Bella Road. Katundu wosapitirira $2,000, wopangidwa m'mayiko athu omwewa ndipo ali pamndandanda umene Zambia ndi Malawi anagwirizana, salipira duty, koma misonkho ina ilipo, usadzandinene kuti ndinakunamiza. Nsalu za ku China sizilowamo. Pa Mwami ndi Mchinji chiyambire 2022 umaima kamodzi kokha, ife tinkafola kawiri.

Loweruka ubwere kusitolo isanakwane 7 koloko. Utenge NRC ndi pasipoti, ndione kaye ngati mayina akufanana.